Usiku umene ndinadikirira mbuzi kuti ikodze

Anzanga amagona panja polondera chimanga kapena pamaliro. Ine ndinagona panja ndi tochi m'manja, kudikirira mkodzo wa mbuzi, ndipo mpaka lero ana a m'mudzi mwathu akangondiona amayamba kuimba mluzu.

Mbuzi yake ndi yofula imene ndinagula mu Ogasiti kuti ndidzagulitse kwa anyamata a pachiwaya nthawi ya Khirisimasi. Ndinaitcha Disembala, kuti isadzanene kuti sindinaiuze. Nzeru zanga zinandiuza kuti mbuzi yoti inenepe isamayendeyende ngati yamasiye, choncho ndinaimangirira pansi pa mango n'kumaipatsa madeya m'mawa, madeya masana, madeya madzulo. Udzu ndinkati n'chakudya cha mbuzi zopanda mwini. Za madzi sindinkaziganizira n'komwe, poti agogo anga anaweta mbuzi mpaka kukalamba koma sindinawaonepo akuzitungira madzi. Zoti mbuzi za agogo zinkatsikira zokha kudambo ndinazikumbukira mochedwa.

Akuluakulu amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Disembala anakondwadi, ubweya waliwali, mpaka dzuwa la Okutobala litafika. Tsiku lina madzulo ndinamupeza atatambalalitsa miyendo, msana atapinda, mchira ukunjenjemera. Amati akadzikanda, kulira, n'kudzimenya pamimba ndi mwendo wakumbuyo. Pansi timadontho tiwiri basi.

Pomwepo ndinakumbukira kuti dzulo lake aneba anaima pampanda n'kunena kuti, "Koma mbuzi yanuyi yanona!" Munthu angayamikire mbuzi ya mnzake popanda cholinga?

"Bambo a Mphatso, asiyeni aneba," anatero mayi a kunyumba. "Mbuziyi ikukanika kukodza. Imbirani adokotala a ziweto."

Ndinayankha kuti sindingawonongere mayunitsi pa mkodzo, ndipo monga katswiri ndinagamula kuti yadzimbidwa. Ndinaimwetsa mafuta ophikira a mlungu wonse. Zitakanika ndinanjuta kumbuyo kwake n'kumaiimbira mluzu, monga amachitira amayi pokodzetsa mwana. Kenako ndinayamba kukhuthula madzi kuchokera m'kapu kupita m'beseni kuti mwina phokosolo liipatse maganizo. Amene anapita kukataya madzi, katatu konse, ndi ine.

Pamapeto pake adokotala anaitanidwa ndithu, ndipo anafika m'mawa pa njinga yamoto. Atandifunsa chakudya chimene ndimaipatsa, ndinayankha monyadira ngati ndikulandira mphotho pachionetsero cha zaulimi. Iwo anangopukusa mutu.

Anandifotokozera kuti madeya ali ndi phosphorus wambiri koma calcium wochepa, pamene mbuzi imafuna calcium wochuluka kawiri kuposa phosphorus. Ikamadya madeya okhaokha, madzi osamwa, m'chikhodzodzo mumapangika timiyala tonga mchenga. Kwa mbuzi yaikazi kawirikawiri timangotuluka chifukwa njira yake ndi yaifupi. Yaimuna njira yake ndi yaitali, yopapatiza, yokhota ngati chilembo cha S, ndipo kumapeto kwake kuli kansonga konga nyongolotsi kumene timiyalato timakonda kutsekera. Yofulidwa ikadali yaing'ono ndiye njira imakhala yopapatiza kwambiri. Akuti pakadadutsa tsiku lina kapena awiri, chikhodzodzo chikanaphulika.

"Igwireni, bambo, ikhale ngati munthu."

Ndinamukhazika Disembala pansi, msana wake uli pachifuwa changa ngati tili pakabaza. Adokotala anatulutsa kalumo n'kudula kansonga kaja. Sindikudziwa chifukwa chake, koma miyendo yanga inadzipana yokha. Patapita kanthawi, mkodzo uja waa, wonse pathalauza langa la kutchalitchi. Sindinasangalale chonchi ngakhale tsiku limene ndinamva dzina langa pawayilesi.

Anandisiyira ufa wotchedwa ammonium chloride woti uzisungunula timiyala totsala, n'kundilamula kuti ndizimupatsa Disembala madzi oyera tsiku lonse, kamchere kuti azimva ludzu, udzu wambiri ndi masamba a lukina kapena a mtedza. Madeya, kachikhatho chabe.

Ndinkayesa manyazi athera pomwepo, koma adokotala anaona mbuzi yamkaka ya mayi a Mphatso. Ndakhala ndikuwaseka mayiwa kuti amasambitsa bere la mbuzi ndi madzi ofunda pamene mwamuna wawo amasamba ozizira, komanso kuti mkaka woyamba amaukamira m'kapu yakuda n'kumauyang'anitsitsa ngati sing'anga. Adokotala anati umo ndi mmene amagwirira matenda a bere asanakule: timibulu mumkaka, magazi kapena mafinya, bere lotupa, lotentha, lolimba ngati papaya wosapsa, mbuzi n'kumakankha mwana akafuna kuyamwa. Likayamba kuda n'kuzizira ndiye kuti bere likufa, mwinanso mbuzi yomwe. Tizilombo take timalowera kunsonga, kuchokera m'manja osasamba ndi m'khola lonyowa.

Atatero anasuzumira m'khola. "Muno amasesa ndani?"

Mayi a Mphatso sanayankhe. Anangondiyang'ana.

Pochoka anandichenjeza kuti timiyalato timatha kubwereranso, ndiye ndisadikire Khirisimasi. Dzulo ndinaitana anyamata a pachiwaya. Anamuzungulira Disembala, kumugwiragwira msana, kenako wamkulu wawo anafunsa mwaulemu ndithu: "Madala, kodi mbuzi ya mluzu ija ndi imeneyi?" Mtengo umene anatchula sukukwana n'komwe kulipira madeya aja.