Tchuthi cha aPhiri pa Nsanjika Yachisanu

Ndalama za banki m'khonde zitagawidwa mu Disembala, amayi ena a ku Ndirande anagula malata, ena feteleza, ena anakabweza katapila amene ankawasowetsa tulo. AnaBanda anati zawo akadyera kuhotelo. Anali atatopa ndi zithunzi za mnzawo wa kukwaya pa WhatsApp: lero ali m'mbali mwa dziwe losambiramo, mawa wagwira tambula ya juwisi yobayidwa kaambulera pamwamba.

"APhiri, nafenso ndife anthu," anatero madzulo ena akukupiza mbaula. "Loweruka likubwerali tikagone m'tauni."

APhiri anafunsa zimene mwamuna aliyense wolipira lendi angafunse. Munthu uli ndi nyumba, uli ndi bedi, ukagonerenji kwa eni ake, pamtunda woti ukhoza kuyenda wapansi? Anauzidwa kuti kumeneko ndiye kupuma, ndipo anthu ozindikira amatero. Mlandu unathera pomwepo, pakuti ndalamazo zinali za anaBanda.

Mahotelo si achilendo mu Blantyre. Ryalls yakhala ikulandira alendo kuyambira m'ma 1920, Mount Soche kuyambira 1969, ndipo aPhiri adutsa pazipata zake zaka zambirimbiri popita kuntchito osaganizako kuti munthu wokwera minibasi angalowemo. Iwo anasankha ina yamakono, yamagalasi okhaokha, chakufupi ndi Victoria Avenue. Dzina lake tilisunge.

Choyamba kuvuta chinali kafikidwe. Pamalo otere sufika pa kabaza, chikwama chili pamwendo. Choncho anakwera minibasi mpaka m'tauni, n'kutsikira chapatali, n'kuchita hayala takisi kuti iwamalizitse kamtunda kotsalako. Dalaivala anangowayang'ana pagalasi osayankhula. Sanali oyamba.

Pakhomo mnyamata wovala yunifolomu anathamangira chikwama. APhiri anachigwiritsa. Wokulira ku Ndirande sapereka chikwama kwa munthu chifukwa choti wamwetulira. Anakokana mwaulemu mpaka anaBanda anawatsina m'nthiti amuna awo. Mnyamata uja atachinyamula anapendekeka, koma sanafunse chimene chinali kulemera motero, ndipo anachita bwino.

Pa risepushoni mtsikana anawalonjera m'Chingerezi chotulukira m'mphuno. APhiri anafukula chawo cha Folomu 4, chimene chinakhala nthawi yaitali chisanatuluke panja. Anavutana kwa kanthawi ndithu, uyu kufunsa, uyu kuyankha zina, aliyense akudziwa bwinobwino kuti mnzakeyo anadyera usipa dzulo. Mkati mwa nkhondoyo foni ya mtsikana inalira. Anatembenuka pang'ono n'kunong'ona kuti, "Kauze aneba akubwereke makala, ndibwera mochedwa." Atatero anatembenukanso, mphuno n'kuyambiranso ntchito. Ine ndimati pamenepo akanangosekana n'kuyamba kuyankhulana zomveka. Koma onse awiri ankaopa kunyozetsa hoteloyo.

"Nanga kiyi?" anafunsa aPhiri atapatsidwa kakhadi. Anauzidwa kuti kiyi ndi kameneko. Mu lifiti anagwira chitsulo ndi manja awiri. Mzindawu uli ndi nyumba yosanja kuyambira 1882 pamene inamangidwa ya Mandala, koma mimba ya aPhiri nkhaniyi sinaimvebe.

Chitseko chinatseguka ataseweretsa kakhadi kaja mbali zonse. M'chipinda munali mdima. Anadina switchi iyi, anadina iyo, zii.

"Ngakhale kuno azimitsa?" anadabwa anaBanda.

Kunena zoona aPhiri mtima unakhala pansi. Chinali chinthu choyamba chodziwika chimene anakumana nacho chilowereni. Anakhala pamphepete pa bedi kudikira kuti magetsi abwere, monga amachitira Mmalawi aliyense woleredwa bwino, osadandaula, osafunsa. Anawapulumutsa ndi mayi wokonza m'zipinda amene ankadutsa ndi ngolo yake ya nsalu. Anatenga kakhadi kaja, n'kukalowetsa m'kabowo ka pakhoma, chipinda chonse n'kuti ngwee. "Ambiri amatero, musadandaule," anatero mayiyo m'Chichewa chabwino chakumudzi, ndipo anaBanda anatsala pang'ono kumukumbatira.

Kuwalako kunabweretsa mavuto ena. Bedi linali loyera moti pokhalapo unkamva kulakwa. Pakati pake panali mataulo awiri opindidwa mwaluso kukhala mbalame zogundanitsa milomo. AnaBanda analamula kuti asazikhudze munthu, ndipo mpaka tsiku lotuluka banja lonse linkapukutira chitenje chimene anabwera nacho. Bafa linali ndi khoma lagalasi loonekera kuchipinda. Zaka zonse za ukwati wawo aPhiri anali asanaonepo akazi awo akusamba, ndipo sanafune kuyambira pamenepa; nthawi yosamba ikakwana mmodzi ankapita pawindo kukaona mzinda. Makina oziziritsa mpweya anawayatsa mpaka kumapeto, poti analipiridwa kale, kenako n'kuvala majuzi m'Disembala muno.

Ntchito yeniyeni ya tchuthi inayamba cha m'ma 4 koloko: kujambula. AnaBanda pampando wa pakona, mwendo pamwamba pa unzake. AnaBanda pagalasi. AnaBanda atavala mkanjo woyera wa kubafa, atagwira kapu yopanda tiyi. APhiri anagwada, anakwera pampando, anagona chafufumimba pakapeti kufuna poonekera bwino, uku akukalipiridwa kuti akudula mapazi. Pansi pa chithunzi chilichonse analembapo mawu othokoza Mulungu, kuti asaoneke odzitama.

Mayankho sanachedwe. Mnzawo wa kukwaya uja anatumiza kamtima kamodzi kouma. Amalume a ku Thyolo, amene foni yawo imakhala yopanda mayunitsi chaka chonse, anaimba okha kuyamikira kuti mwana wa mlongo wawo watukuka, n'kukumbutsa kuti chimanga chafika pothira feteleza wachiwiri. Mlamu wina anatchula za fizi ya Januwale. Alandilodi anaona zithunzi zonse, chimodzichimodzi, osalembapo kanthu.

Madzulo anatsikira kodyera. Matebulo ambiri anali atagwidwa ndi anthu a mawekishopu, aja ovala zingwe zamakhadi m'khosi, amene hotelo anaizolowera kuposa kwawo. Awa sawerenga mitengo, poti wolipira ali kutali. Amadziwa foloko yoyambira, amaitana weta ndi chala chimodzi, ndipo nkhani yawo, ukatchera khutu, si ya umphawi umene anabwerera kudzathetsa koma ya nthawi imene pepala losainira alawansi lifike. APhiri ankawaonera m'mbali kuti atengereko kagwiridwe ka mpeni.

Menyu anaiwerenga kuyambira kumanja. Atafika pansi anatsokomola, n'kuitanitsa mbale imodzi ya chambo ndi nsima, ati akazi awo sakumva njala. Mbale inabwera yaikulu, chakudya chili pakatikati, chozunguliridwa ndi malo opanda kanthu. Nsima inali timitanda tiwiri tosalala ngati mazira a nkhuku yachikuda. Chambocho chinali chopanda minga, chopanda mchira, chopanda mutu.

"Achimwene," aPhiri anaiwala Chingerezi, "mutu wake uli kuti?"

Weta anafotokoza kuti alendo ambiri sakonda kuyang'anizana ndi nsomba.

"Ndiye amadya ndani?"

Funsoli silinayankhidwe, ngakhale kumwetulira kwa wetayo kunasonyeza kuti mituyo sitayidwa.

Atabwerera kumtunda anakhoma chitseko, anaBanda n'kutsegula chikwama chija. Munatuluka fuduwoma yodzaza nsima ya ufa woyera, kambale ka utaka wothira tomato, ndi nkhwani wotendera. Anayala chitenje pakapeti, anasamba m'manja m'kandowa kasiliva koikamo ayezi, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo anadya osayang'ana kumbali. Fungo la utaka ndi limene linakana kugwirizana nawo. Mawindo a hotelo zambiri zamakono satseguka. AnaBanda anapopera perefyumu, zinthu n'kuipiraipira.

Pawindo lomwelo phiri la Ndirande linkaoneka bwino, ndipo m'munsi mwake munali bii.

"Kwathu kwazima," anatero aPhiri, mawu ake a munthu amene wapulumuka. Pansi penapake jenereta inkalira. Kunyadako kunatha msanga. Anakumbukira nyama ya Khirisimasi mufiriji, ana amene anawasiyira mtsikana wa aneba, ndi loko wa kukhitchini amene amafuna kumukankha ndi bondo. Anaimba foni kunyumba. Anaimbanso. Pakati pa usiku, tulo titakana pabedi lofewa mopitirira muyeso, aPhiri anatsegula kafiriji ka pansi pa TV n'kupeza kuti eni hotelo, mwa ufulu wawo, anawasiyira timabotolo ndi mtedza. Anayamikira mumtima.

M'mawa ndiye inali nthawi yobwezera. Chakudya cham'mawa chinali m'kati mwa mtengo wa chipinda, ndipo aPhiri anatsika ndi masamu m'mutu: ndalama ya usiku umodzi iyenera kubwerera kudzera m'masoseji. Anayamba ndi phala, anapita ku nyemba, anabwerera ku masoseji, anakaima pa makina owotcha buledi kuonerera kagawo kakulowa uku n'kutulukira uko. Wophika atafunsa kuti mazira awakonzere motani, anayankha kuti anayi. Anthu a mawekishopu aja, tisawanamizire, ankachita zomwezo, kungoti iwo mbale ankaidzaza akuyankhula pafoni.

AnaBanda anali pa ntchito ina. Chikwama cham'manja chinali chotsegula pamiyendo, ndipo timakeke tinkatsetserekeramo titakulungidwa m'timapepala topukutira pakamwa. Ana kunyumba anayenera kulawako hotelo. Ali mkati motero anamva mawu kumbuyo kwawo.

"Mwadzuka bwanji, amayi?"

Anali mnyamata wa kumpingo kwawo, woimba besi, atavala tayi yagulugufe ndipo atanyamula thireyi. AnaBanda magazi anauma. Mnyamatayo anawerama monga wochotsa mbale, n'kunong'ona kuti, "Tenganinso maapozi, amayi. Mabwanawa amatenga ndi yogati yemwe." Anabweranso ndi pepala lokulirapo.

Pa 10 koloko anatsika kukatsanzika. Mtsikana wa dzulo uja anadina kompyuta, n'kufunsa mwaulemu ngati anagwiritsako ntchito kafiriji. APhiri anavomera mokondwa, n'kuwonjezera kuti mtedzawo unali wokoma. Pepala linatuluka. Analiwerenga, analitembenuza, analiwerenganso. Mtedza wa ku Mchinji womwewu, umene pa Ginnery Corner amakuthirira m'dzanja ndi wapamwamba, kuno unali utaphunzira. Anatulutsa ma K5,000, aja anabwera mu 2022 tikumawaopa, amene chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 amachoka m'thumba ali m'magulu. Anawerenga akunyowetsa chala. AnaBanda anayang'ana kudenga. M'chikwama munali tisopo tonse, tishampu, tishuga ndi timatumba ta tiyi, koma ngakhale iwo anaona kuti masamuwo sakubwerera.

Pobwerera za takisi panalibenso. Anayenda wapansi mpaka pokwerera minibasi, aPhiri chikwama paphewa, maso ali psuu ndi tulo. Ankangolakalaka bedi lawo lokhala ndi dzenje pakati.

Pakhonde anapeza alandilodi atakhala pampando, chipewa pabondo, foni m'manja.

"Mwayenda bwanji kuhotelo, aPhiri? Ndaona ndithu, malo okongola. Ndinati ndikupezeni musanapume, tikambiraneko za lendi ya chaka chamawachi."