Kalata ya ku Joni: Msana Ukalira Kuti Kho!

Okondedwa Amalume,

Ndikhulupirira nonse kumudzi muli bwino, kupatulapo msana wanu uja. Ndalemba chifukwa cha iwo, poti kuno ku Joni kuli madokotala otchedwa ma chiropractor, amene munthu amawapatsa marandi kuti amugoneke chafufumimba pa kabedi, amupinde ngati mphasa, kenako amudinikize mwadzidzidzi mpaka msana ulire kuti kho! Wodwala amadzuka akumwetulira, ati fupa labwerera m'malo. Limenelo ndi bodza, amalume. Fupa la msana litachokadi m'malo, mwiniwake sangabwere pa taxi, angabwere atanyamulidwa. Chimene chimalira ndi mfundo: m'kati mwake muli timadzi totelera, ndipo mfundoyo ikatambasulidwa mofulumira, mpweya wa m'timadzimo umapanga kathovu, monga mmene Fanta imachitira mukaitsegula. N'chifukwa chake chala mukachiliza chimakhala duu mphindi ngati 20 chisanalirenso. Fupa lanji lochoka m'malo katatu pa ola?

Mundifunsa kuti nanga anthu amapezeranji bwino. Amapezadi, sindikutsutsa. Akafukufuku anapeza kuti pa ululu wa m'chiuno zimathandiza ndithu, koma pang'ono, mofanana ndi masewera olimbitsa thupi: minofu yokungika imamasuka, ululu n'kuyamba watsika kaye. Kungoti mwini lusoli, Daniel David Palmer wa ku Davenport ku America, anathira mchere wambiri. Mu 1895 ananena kuti wachiritsa ugonthi wa Harvey Lillard, bambo wosamalira nyumba ya maofesi, pongomudina msana, pomwe mtsempha womvera sufika n'komwe kumsanako, umathera m'mutu momwemo.

Ndikukudziwani, muti ngati ndi choncho muitane mdzukulu akupondeni, zaulere. Pepani, ayi. Kuno chiropractor amaphunzira zaka zosachepera zisanu ku University of Johannesburg kapena ku Durban University of Technology, ndipo sagwira munthu asanalembetsedwe mwalamulo. China chimene amaphunzira ndi kuzindikira msana wosayenera kudinidwa: wa mkulu amene mafupa ake afooka, kapena umene wadyedwa ndi TB. Khosi ndiye musayerekeze, silipotokolidwa ngati la nkhuku ya alendo. Mwa apo ndi apo mtsempha wamagazi umang'ambika, munthu n'kugwidwa sitiroko.

Ngati msanawo ukukudzutsani usiku, mukuwonda, kapena miyendo ikuchita dzanzi, pitani kuchipatala akakujambuleni. Yathiransipoti nditumiza pa Mukuru Lachisanu, ndipo chonde isakathere pa kachasu.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
ku Joni