Mlandu wa Gowelo ku Chembe

Dzuwa litapendeka, anthu atadzaza pansi pa mkuyu ndipo nduna zitawomba m'manja, nyakwawa inaimirira nilongosola kuti mayi wina wamasiye, amene mwana wake wa ku Johannesburg anaika gowelo lake lakale pa Airbnb, akuimbidwa mlandu wogoneka azungu popanda chiphaso.

Odandaula anali atatu, aliyense ndi buku lake la malisiti m'khwapa. Wa ku khonsolo anati gowelo likayamba kulandira ndalama lasanduka malonda, motero lifunika laisensi. Wa zokopa alendo anati malo ogona ayenera kuyenderedwa ndi kulembetsedwa, napereka msonkho wa 1 peresenti pa zimene mlendo walipira. Koma wa ku MRA, amene sanatukule n'komwe maso, anangofunsa TPIN.

"Gogo Chalo," anatero mayiyo atagwada, "makolo anati mlendo ndi mame, ndipo malemu agogo anu ankagoneka apaulendo osawafunsa kalata, nanga ine ndalakwanji, poti anga amaodira pa foni?"

"Mayi," inayankha mfumu, "mame olipira madola sitinawaonepo m'mudzi muno."

Pamenepo nduna ina, yosasiyana ndi wailesi yake, inakumbutsa bwalo kuti ku London munthu sabwereketsa nyumba yathunthu kwa alendo ongodutsa kupitirira masiku 90 pa chaka popanda chilolezo, ndi kuti a ku Barcelona alengeza zothetsa ziphaso zotere pofika 2028, chifukwa eni mzinda akusowa pokhala. Mfumu inafunsa ngati alipo wosowa pogona chifukwa cha gowelo lija, lomwe kale munkagona mbuzi, ndipo bwalo linati zii. Itafunsanso atatu aja kuti ndani mwa iwo adzachotsa zinyalala za alendowo m'mbali mwa nyanja, aliyense analoza mnzake ndi mlomo.

Itasinkhasinkha nthawi yaitali, monga ayenera kuchitira munthu wosenza dziko, mfumu inagamula kuti walira mvula walira matope, choncho mayiyo alembetse gowelo, naleke kubisira Kaisara zake. Kuti odandaulawo, pokhala amadya pa mbale imodzi ya Boma, achite manyazi nadzabwere ndi lisiti limodzi. Ndi kuti, popeza dothi limene gowelolo lamangidwapo ndi la mpando uno chiyambire makolo, mlendo aliyense wogona pamenepo aziyamba watula nkhuku yoyera kwa amfumu. La nkhukuyo lisiti sipadzakhala.