Mapulofesa a pabawo ndi banja la "re"

Bwalo lililonse la bawo ku Kawale, Biwi kaya ku 23 lili ndi pulofesa wake wa Chingerezi. Amakhala mdala wopuma pantchito ya boma, wajekete ngakhale dzuwa la Okutobala liswe mtengo, nyuzipepala ya sabata yatha ili m'khwapa. Phunziro lake silisintha: kachidutswa ka "re" kotsogolera mawu ambiri a Chingerezi kanachokera ku Chilatini, ndipo kamatanthauza kubwerera kapena kuchitanso.

Apa mdalayo sanama. Mwana akalakwa mayeso a Sitandade 8 amalipita. Minibasi ya ku 25 ikaona munthu akuyimika kumbuyo imamenya livesi. Ukaphonya nambala potumiza ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money, umathamangira kwa ejenti kukalirira livesi yomweyo, mwini nambala asanatape.

Zimavuta anyamata akayamba mafunso.

"Madala, paja inu munalitaya?"

"Nditakwanitsa zaka 60, mwaulemu wake."

"Munalitaya pati? Tikakutolereni."

Mdala amangoponya nkhomo m'dzenje mwaukali, n'kunena kuti ana a masiku ano sukulu adangoinunkhiza.

Kometera tsitsi ku Biwi nkhondo imabuka pa mawu awiri ofanana nkhope. "Resign" yomveka z ndi kutula pansi udindo, pomwe "re-sign" yomveka s ndi kusainanso kuti upitirize ntchito. Wina akawerenga pafoni za wosewera mpira, theka la benchi limati wachoka, theka lina limati watsala. Wometa amaimitsa makina kuti aweruze, kasitomala ali chikhalire mutu wometedwa mbali imodzi, magetsi n'kuzima. Chomwe onse amavomerezana n'chakuti andale athu amadziwa liwu lachiwirilo basi.

"Refuse" nayo ili pawiri. Ukakweza mawu koyambirira ndi zinyalala, ukakweza kumapeto ndi kukana. Anthu a ku Chinsapo ndi ku Mgona, poona mulu wa zinyalala ukukula pambali pa msika, adagamula kale kuti "refuse collection" imawerengedwa mwa njira yachiwiriyo.

Palinso mnyamata wongobwera kumene kuchokera ku Joni. Iyeyu r amamugubuduza pakamwa mpaka ntchentche kuthawa pa usipa.

"Mayi, mundipatse rrrisipti."

"Ya tomato wa mulu umodzi, achimwene? Mukanene kunyumba kuti mwagula kwa ine."

Chomvetsa chisoni n'chakuti p amene wavutika naye uja, Angerezi eni ake samutchula. Mayi amene amati lisiti ndiye ali pafupi ndi London kuposa iye. Ndipo l wa mayiyo si umbuli. Malamulo a kalembedwe ka Chichewa amaika r pambuyo pa e kapena i, ndiye mawu obwereka akafuna kuyamba ndi r, lilime limawapatsa l: lipoti, lisiti, limandi. Za limandi, amene adagonako ku Maula amati kumeneko palibe wokonza mnzake katchulidwe, aliyense amangowerenga masiku opita kukhoti.

Chingerezi tichiphunzire, pajatu satifiketi ya MSCE siituluka ukachilephera, ngakhale masamu ukhoze bwanji. Koma kukonza mnzako pagulu kwangosanduka njira yomuuzira kuti iwe unafika Folomu 4. Wokonzayo ukamufunsa tanthauzo, amayamba kukhosomola.

M'banja lonseli muli liwu limodzi lomwe mzinda wonse umalitchula bwinobwino, kuyambira wakabaza mpaka bwana wa ku Capital Hill, koma oliona ndi maso ndi ochepa: lifandi. Wailesi ikafa tsiku lomwe mwaigula, mwini shopu amangokulozerani chikwangwani choti katundu akatuluka sabwezedwa. Choncho mukagula chinthu, kaya mumatchula ndi l kaya ndi r, lisiti musalisiye pakauntala.