Kaundula wa Zotuluka: Makina Opumira a Abambo

Wosunga buku: mayi wa pakhomo. Malo: Dedza, m'munsi mwa phiri, mamita pafupifupi 1,600 pamwamba pa nyanja yamchere. Wodwala: abambo akunyumba. Matenda ndi awiri.

Oyamba ndi kubanika kutulo, komwe madokotala amati sleep apnoea. Munthu akagona, minofu ya kukhosi imalefuka, njira ya mpweya imatsekeka, amasiya kupuma masekondi 10 kapena kuposerapo, kenako amadzidzimuka ndi mkonono. Zikamachitika koposa ka 30 pa ola limodzi, ndiye kuti matendawo ndi aakulu. Abambo anapezeka m'gulu limeneli. Achiwiri ndi mphuno zodana ndi fumbi, utsi, chuku ndi mungu: kuyetsemula, mamina, maso oyabwa, mphuno kutsekeka. Makina amalowetsa mpweya kudzera m'mphuno, choncho matenda achiwiriwa akavuta, chithandizo cha oyamba chimaima.

Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Zipangizo za makinawa zimachokera kunja. Motero manambala a kwacha ndimalemba ndi pensulo m'mphepete mwa tsamba. Zolembedwa ndi inki ndi izi: chinthu, nthawi yake, ndi chomwe chimachoka pakhomo kuti chipezeke.

GAWO LOYAMBA: ZOGULA KAMODZI

1. Kuyezetsa. Munthu amagona usiku wonse atamangiriridwa tizingwe toyeza kapumidwe ndi mpweya wa m'magazi. Abambo anakayezedwa ku Johannesburg, komwe mwana wathu woyamba amagwira ntchito. Mtengo: pasipoti, basi yotulukira pa chipata cha Dedza kudzera ku Tete ndi ku Zimbabwe, kamba wa panjira. Ya dokotala analipira mwana.

2. Makina a CPAP. Amakoka mpweya wa m'chipinda, kuusefa, n'kuukankha mosalekeza kudzera m'chubu ndi masiki kuti kukhosi kusatsekeke. Njirayi anaiyambitsa Colin Sullivan wa ku Sydney mu 1981. Kuno ambiri amadziwa CPAP ya makanda obadwa masiku asanakwane, yotchedwa Pumani, yomwe inayambira pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre mogwirizana ndi Rice University. Ya munthu wamkulu yogonera kunyumba ndi ina, ndipo ifeyo tinagula tokha. Moyo wake: zaka pafupifupi 5. Mtengo: kachewere yense wa kudimba wa nyengo imodzi, kuphatikiza zomwe anawonjezera mwana.

3. Batire, sola ndi chingwe cholumikiza makina ku batire mwachindunji. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo magetsi ankathima maola ambiri. Makinawa sachiritsa, amangothandiza usiku umene ayaka. Chingwe chachindunji chimasunga moto kuposa invata. Tikakhala pa batire timazimitsa chotenthetsera madzi cha m'makinamo kuti moto ufike m'mawa. Mtengo: mbuzi ziwiri.

4. Chitseko ndi loko za chipinda cha chimanga. Matumba tinkawasunga kuchipinda chogona poopa akuba. Chimanga chothira Actellic chili ndi fumbi lake, ndipo makina amakoka chilichonse chomwe chili m'chipindamo. Mtengo: matabwa, kalipentala, loko.

5. Siling'i ya chipinda chogona chokha. Fumbi linkagwa kuchokera pansi pa malata mphepo ikawomba. Mtengo: zipinda zina zikudikirabe.

GAWO LACHIWIRI: ZA TSIKU NDI TSIKU

6. Magetsi. Pa chosinthira moto cha makina athu panalembedwa 90W. Ngakhale atakoka mphamvu yonseyo kwa maola 8, sangapitirire mayunitsi 0.72. Nthawi zambiri amadya ochepa kuposa pamenepo. Mzere uwu ndi wopepuka, bola mita isathe pakati pa usiku.

7. Madzi a m'kathanki. Mpweya wouma umakwiyitsa mphuno, choncho makina amaudutsitsa pamadzi ofunda. Opanga amalangiza madzi a distilled, ndipo timagula ku famase. Akasowa timawiritsa apampopi n'kuwaziziritsa. Owiritsawo amasiya zoyera m'kathanki, zomwe zimabweretsa mtengo wa vinega pa nambala 11. Madzi ogonera timataya m'mawa uliwonse.

8. Sopo wopanda fungo. Mphira wa masiki wokhudza nkhope timautsuka m'mawa uliwonse ndi madzi ofunda, chifukwa mafuta a pakhungu amaufewetsa mpaka mpweya kumatuluka m'mbali. Jik ayi. Sipiriti ayi. Abambo anasiyanso kudzola Vaseline kumaso madzulo, chifukwa amawononga mphirawo. Mtengo: sopo wakewake, wosasakaniza ndi wochapira.

9. Madzi amchere otsukira m'mphuno asanagone. Madzi owiritsa n'kuziziritsa, mchere pang'ono monga anatiyezera adokotala. Mtengo: mchere wa kukhitchini ndi makala ochepa. Mwa mizere yonse, uwu ndiwo wotchipa kwambiri, ndipo tikaudumpha timaona usiku womwewo.

10. Mankhwala a mphuno. Cetirizine pa masiku ovuta. Mankhwala opopera m'mphuno a steroid, olembedwa ndi adokotala, amayamba kugwira ntchito pakapita masiku angapo, choncho timayamba nyengo ya fumbi isanafike. Opopera ena otsegula mphuno mwachangu sapitirira masiku ochepa. Ukawazolowera mphuno zimatsekeka kuposa kale. Piriton amawodzetsa, ndipo abambo samwa tsiku loyendetsa galimoto. Mtengo: famase mwezi uliwonse.

GAWO LACHITATU: ZA SABATA, ZA MWEZI, ZA CHAKA

11. Kutsuka chubu, kathanki ndi malamba: sabata iliyonse. Sopo, madzi ofunda, ndi vinega wosungunula ndi madzi pochotsa zoyera zija. Chubu timachikoloweka pamthunzi kuti chidonthe mpaka kuuma. Mtengo: botolo la vinega, ndi m'mawa wa Loweruka.

12. Zofunda. M'mapilo ndi m'mabulangete mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso tomwe timayambitsa kuyetsemula. Madzi ozizira satipha. Pamafunika otentha madigiri 60. Nsalu zoyala ndi za mapilo timachapa sabata iliyonse, mabulangete timayanika padzuwa n'kukung'untha kutali ndi zenera. Mtengo: mtolo wa nkhuni wowonjezera.

13. Fyuluta. Ndi kansalu koyera kochepa kuposa bokosi la machesi, kumbuyo kwa makina. Mpweya wonse womwe abambo amapuma usiku umadzera pamenepa. Amtundu wathuwu sachapidwa, akada amatayidwa. Pomwe pali fumbi lochepa amatha mwezi. Kuno, m'chilimwe, masabata awiri amakhala atafiira kale. Fyuluta wakuda amalemetsa injini ndipo fumbi limapeza njira yolowera m'mphuno. Mphuno zikatupa, abambo amapumira pakamwa, mpweya wa makina umathawira pomwepo, kukamwa kumauma, ndipo amavula masiki ali m'tulo osadziwa. Kuchokera pamenepo magetsi akuyaka, makina akulira, koma munthu akubanika monga kale. Alipo mafyuluta ena osefa kwambiri, opangira odwala mphuno. Ndi okwerako mtengo ndipo ndiwo timagula. M'sitolo za pa boma sitinawapeze. Mwana amatumiza paketi ya chaka chonse pa basi. Mtengo: marandi kwa iye, kwa ife eyataimu, ya kondakitala, ndi kabaza wokatenga katundu ku rodiboloko.

14. Mphira wa masiki: opanga amati mwezi umodzi mpaka miyezi itatu. Chubu ndi chimango cha masiki: miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi. Malamba ndi kathanki: miyezi 6. Tikasamala timapitirirako. Chizindikiro chosinthira ndi mluzu wa mpweya m'mbali mwa mphuno, ndi kufunika komangitsa malamba mpaka kusiya zipsera.

15. Kuonana ndi dokotala ku Lilongwe, makilomita pafupifupi 85 pa M1. Timatenga kakhadi ka m'makina komwe kamasunga maola ogwiritsa ntchito ndi nthawi zomwe mpweya unaima. Amayezanso BP. Mtengo: minibasi ya anthu awiri kupita ndi kubwera, ya dokotala, nkhomaliro.

GAWO LACHINAYI: ZA NYENGO

16. Juni ndi Julayi, chisanu. Mpweya wofunda ukadutsa m'chubu chozizira umasanduka madontho, ndipo madziwo amatsikira kumaso. Telala anasoka chovala cha chubu kuchokera ku juzi yakale. Makina tinawatsitsira pa kampando kotsika kuposa bedi kuti madontho azibwerera m'kathanki. Mbaula silowanso kuchipinda: mpweya wa makala umapha, ndipo fyuluta sangausefe. Mtengo: telala, bulangete lina.

17. Ogasiti mpaka Okutobala, fumbi ndi utsi. Tchire likupsa, osaka mbewa atentha minda, nthawi zina moto walowa m'nkhalango ya paini. Mazenera otseka, pansi pokolopa m'malo mosesa, mafyuluta owirikiza. Masiki yachiwiri, yophimba mphuno ndi pakamwa, imagwira ntchito masiku omwe mphuno zakaniratu. Mtengo: masiki yachiwiriyo, yomwe ndi yodula kuposa yoyamba.

18. Disembala mpaka Malichi, dzinja. Makoma amachita chuku, ndipo chubu sichiuma tsiku limodzi. Mtengo: chubu chachiwiri chosinthanitsa, laimu wopaka khoma, malata awiri a pomwe pankadontha.

19. Kumapeto kwa mvula udzu umatulutsa mungu, kenako kukolola ndi kutonola chimanga. Abambo sakhalanso potonola ndi popeta. Mtengo: aganyu.

GAWO LACHISANU: ZOSAGULA

20. Kabokosi kotsukira makina ndi mpweya wa ozone. Mu 2021 kampani ya Philips inaitanitsa makina ake ambiri chifukwa siponji yochepetsa phokoso inkafumbutuka m'kati, ndipo ozone inatchulidwa kuti imakulitsa vutolo. Sopo ndi madzi ndi zokwanira. Wopatsidwa makina akale afufuze kaye mtundu ndi nambala yake.

21. Masiki yogwiritsidwa kale ntchito ndi munthu wina. Koyilo ya udzudzu, timagona m'neti. Mafuta onunkhira othira m'kathanki. Mapiritsi ogonetsa ndi mowa wamadzulo, chifukwa zimalefula kukhosi koposa.

GAWO LACHISANU NDI CHIMODZI: ZOLOWA

Ndalama: palibe. Zina: abambo sawodzeranso pa chiwongolero. Mutu wam'mawa unasiya. Kudzuka kukataya madzi usiku kunachepa. BP ikumvera mankhwala. Ineyo ndinasiya kukhala maso kudikira kuti apumenso. Kubanika kutulo kosasamalidwa kumawonjezera chiopsezo cha BP, matenda a mtima, sitiroko ndi ngozi za pamsewu. Mitengo ya zimenezi sinalowe m'buku lino.

ZOTSALA

Mizere yaikulu ndi 2 ndi 3, koma imabwera patalipatali. Mizere yomwe imapangitsa kuti iwiriyo ikhale ndi phindu ndi 8, 9, 10 ndi 13: sopo, mchere, mankhwala a mphuno, fyuluta. Mwezi ukavuta, inayi siidulidwa. Ndaichotsa pa tsamba la matenda n'kuiika pa tsamba la ufa ndi mafuta ophikira, kuti iziyamba kugulidwa malipiro akangolowa. Zodulidwa zikafunika: siling'i ya zipinda zina, nyama ya Lamulungu, nsalu yatsopano.

Ngongole: palibe. Zosungira makina otsatira: thumba limodzi pa matumba khumi alionse a kachewere, ndalama yake kupita ku banki mkhonde. Zoyitanitsa mwezi uno: mafyuluta, mphira wa masiki, chubu chimodzi.