Wamva M'mimba Ali ku Joni

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mwambiwu anaupeka mabanki asanabwere. Masiku ano wadya ndi wina, m'mimba mwabangula mwa iye yemweyo, koma wotsekula chitseko ndinu amene munangosaina. Ndipo panjapo mukupeza masherifu, lole ili chilizire.

Zimayamba mwaulemu. Mlamu wanu walembetsa kampani yoitanitsa matayala ku Dar es Salaam ndipo akufuna ngongole. Abanki si ana. Akudziwa kuti pamaso pa lamulo kampani ndi munthu payekha, ndipo munthu ameneyu chuma chake ndi chidindo, tebulo ndi kalendala ya chaka chatha. Ikagwa, alanda chiyani? Ndiye akuti pabwere munthu wamagazi, wa nyumba kapena wa malipiro a pamwezi, alonjeze kuti kampani ikalephera abweza ndi iye. Mlamu akufika ndi Fanta m'manja: "Alamu, n'kungosaina chabe, ngati mboni." Mboni ya ukwati imadya mpunga n'kubwerera kwawo. Mboni iyi imalipira ukwati wonse.

Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa matayala unakwera, ogula anazimiririka, ndipo foni ya mlamu inayamba kuyankhidwa ndi mayi uja amati nambalayi sikupezeka. Mphekesera zikuti ali ku Joni. Musayembekeze kuti banki ikamusaka kumeneko. Mapepala ambiri otere amailola kulunjika kwa wosainira osayamba yatopa ndi wokongola, ndipo inu pakhomo panu pamadziwika, geti lake lobiriwira. Chiwongoladzanja nacho sichidziwa maliro kapena Khrisimasi.

Khoti likagamula, firiji, sofa ndi TV zimakwera lole aneba akuwerenga chimodzichimodzi. Dzina lanu likhozanso kukafika ku mabungwe osunga mbiri ya ngongole, amene lamulo la 2010 linawatsegulira njira, moti mawa ngakhale ngongole ya fizi ya ana mudzaimva kwa anzanu. Zonsezi chifukwa cha matayala, pamene inu ngakhale njinga mulibe.

Ku banki mkhonde n'chimodzimodzi, kungoti kumeneko sadikira khoti: amayi amabwera okha, mapoto n'kunyamuka.

Choncho mlamu akadzafika ndi mafomu, mpatseni mpando, mpatseni tiyi, nkhuku mumuphere. Koma funsani kuti mukuimira ndalama zingati ndiponso mpaka liti, ndipo ngati simungathe kuzibweza nokha, dzanja likhale m'thumba.