Tsiku lomwe milomo inasiyana ndi mawu

Kwathu kwa Chitukula akati “a vidiyo afika”, dziwani kuti akunena ine. Pachinkhoswe, paukwati, pachiliza, ngakhale pampira wolimbirana mbuzi, mundipeza kamera ili paphewa, laputopu ili m’chikwama cha kusukulu cha mwana wanga. Achibale a ku Joni amaonera pa Facebook mwambo uli mkati, n’kumatumiza ya perekaniperekani pafoni.

Ulemerero wonsewu wagona pa kanthu kotalika ngati chala, dzina lake capture card. Uku umalowetsa waya wa HDMI wochokera ku kamera, uku umabaya pa USB ya laputopu, basi chithunzi chatulukira mu OBS, pulogalamu yaulere ija. Ndinakagula mtauni cha ku Malangalanga pamtengo wa nkhuku ziwiri. Pabokosi analembapo 4K m’zilembo zagolide, ndipo bokosilo mayi a kunyumba analiika m’kabati pamodzi ndi mbale za alendo.

Ndiye tsiku lina alamu anga anandiimbira. Iwowa amagwira ntchito pasitudiyo ina yaikulu mumzinda wa Lilongwe, ndipo kumudzi amatiuza kuti ali ku dipatimenti ya ukadaulo, ngakhale ine ndinawapeza ndi mopu m’manja. Akuti zida zina zapita kukajambula kunja, pakufunika munthu wopereka chithunzi pa intaneti.

“Alamu, bwerani nako kanthu kanu kaja. Ndawauza kale kuti ndinu katswiri.”

Ndinavala jekete ya paukwati wanga, kabaza mpaka pa Lumbadzi, minibasi mpaka mtauni.

M’situdiyomo munkazizira ngati kumochale. Pakona panali chikabati chachitsulo chodzaza makina olembedwa Blackmagic, timagetsi tikuphethira ngati ziphaniphani. Injiniya wake, mnyamata wa msinkhu wa mwana wanga woyamba, anatenga kanthu kanga ndi zala ziwiri, mmene timanyamulira mbewa yoola.

“Madala, ichi n’chiyani?”

“4K, bwana.”

Sanaseke, ndipo bola akanaseka. Anandikhazika pansi n’kundifotokozera mwaulemu kuti 4K yo ndi imene kamameza, koma kamatulutsa 1080 basi, zithunzi 30 pa sekondi, chifukwa kukhosi kwake ndi USB 2.0. Ndinamuonetsa kuti pakamwa pake ndi pabuluu, chizindikiro cha USB 3.0. Anakanda ndi chikhadabo n’kundiuza kuti buluu ndi mtundu chabe, ngakhale ndowa zilipo zabuluu.

Mavuto anayamba tisanayatse n’komwe. Makamera awo amagwiritsa ntchito waya wa SDI, umene umaupotokola n’kukhoma kuti ngakhale mbuzi iukoke usazuke, ndipo umayenda mamita 100 chithunzi osatopa. Kanthu kanga kalibe khomo la waya wotere. Anakafukula kabokosi kosinthira SDI kukhala HDMI, ndipo alamu anandinong’oneza kuti kabokosi kokhako n’kodula kuposa khola langa lonse. Kenaka nkhani ya mayendedwe: TV ya kuno, kuchokera pomwe TVM inayamba mu 1999, inazolowera zithunzi 25 pa sekondi. Kanga kamakonda 30. Zinali ngati kuvinitsa chimtali ndi ng’oma ya mganda.

Komabe tinalowa pamphepo. Mlendo wathu anali bambo wa tayi, wodzafotokoza za mitengo ya soya. Mphindi zoyamba ndinakhala nditapinda miyendo ngati mwini situdiyo. Kenaka ndinaona injiniya akupendeka mutu. Mawu a bambo aja ankadutsa pamikisa n’kufika msanga, chithunzi chikuchedwa m’kanthu kanga. Ankati “alimi” milomo ili chitsekere, milomo n’kudzati “alimi” iwo atafika kale ku mavenda. Mukukumbuka mafilimu a karate omasuliridwa m’Chichewa amene ana amaonera m’mavidiyo shoo pa Nsaru? Amenewo. Kumudzi zikatere ndimangoti ndi netiweki, anthu n’kutukwana netiwekiyo. Muno munalibe woti ndimunamizire.

Posakhalitsa kanthu kaja kanatentha ngati mbatata yootcha, chithunzi n’kuuma gwa! Bambo a soya anatsala kukamwa kuli yasa, diso limodzi lotseka, tayi ili pambali. Pamenepo luso la kumudzi linanditsogolera. Ndinagwada n’kuyamba kukauzira ngati phala la mwana. Sindinadziwe kuti maikolofoni ina inali pafupi ndi mutu wanga, moti oonera onse anamva “fuuu, fuuu, dzuka mwanawe”. Podzuka ndinaponda waya wa HDMI, umene sukhoma ngati anzake aja, n’kuzuka. Sikirini yonse bii, pakati pake mawu awiri okha: No Signal.

Injiniya anandipatsa ya thiransipoti kuchokera m’thumba mwake, n’kundipempha kuti ndikapereke moni kunyumba. Alamu sanandiperekeze, akuti pansi panali pofunika kukolopa. Ndikufika kumudzi ndinapeza mayi a kunyumba atauza kale mpingo wonse kuti bambo alowa ntchito ya pa TV, ndipo nyakwawa inali itatumiza mwana kudzafunsa ngati ndingaionetseko pa nkhani za madzulo.

Kanthu kaja sindinakataye. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Ndangokagulira kathaulo konyowetsa, ndipo Loweruka lino tili ndi ukwati ku Nambuma. Inu a ku Joni, mukamva mkwatibwi akuti “inde” milomo isanatseguke musadandaule, wavomera yekha.